Chibadwa, chipembedzo ndi khalidwe la munthu: mafunso ndi mayankho

Mwana akagwidwa akutapa ndiwo mumphika, pakhomo pamabuka milandu iwiri. Woyamba ndi wa ndiwozo, ndipo suchedwa kutha. Wachiwiri ndi wa akuluakulu okhaokha: agogo amati mwanayu watengera atate ake, ndi magazi, mayi amati vuto n'lakuti wasiya kupita ku Sande sukulu, amalume amangoseka n'kunena kuti njala sidziwa katekisimu. Mkangano womwewu wasowetsa tulo anthu ophunzira kwa zaka zikwizikwi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatuluka kawirikawiri nkhaniyi ikabuka, kaya pa siwa, m'minibasi kapena pa gulu la WhatsApp.

Tikamati chibadwa, tikunena chiyani kwenikweni?

Tikunena zimene thupi ndi mtima zimachita popanda wozilangiza. Khanda limayamwa tsiku lomwe labadwa. Anapiye akaona mthunzi wa mphamba amathawira kwa make, ndipo thadzi, wamantha masiku onse, amalimbana ndi galu akakhala ndi ana. Mwa munthu muli njala, mantha, chilakolako, mkwiyo, nsanje, kunyansidwa, komanso chifundo ndi manyazi.

Koma mawuwa timawamwaza mosasamala. Munthu woumira timati "n'chibadwa chake", pomwe mwina ndi chizolowezi chimene anachitola atakula m'nyumba yosowa. Ndi bwino kulekanitsa zinthu zitatu: chibadwa, chizolowezi ndi mwambo. Taonani kunyansidwa. Tonse timabadwa nako, ndipo kumatiteteza ku zowola. Koma chimene tinyansidwe nacho amatisankhira ndi ena. Mnyamata wa ku Dedza amadya mbewa mosangalala, mnzake wachisilamu wa ku Mangochi akangoiona mtima umachita nseru. Wa Seventh-day Adventist sakhudza nkhumba kapena mlamba, Mhindu sadya ng'ombe. Nseruyo ndi yeniyeni, si yongoyerekeza, koma amene anailozera kolowera ndi chipembedzo.

Kodi nyama nazo zili ndi khalidwe?

Zili ndi mbewu zake. Mu 2003, Sarah Brosnan ndi Frans de Waal a ku Emory University ku America anafalitsa zimene anaona pa apusi a mtundu wa capuchin. Pusi ankapereka kamwala n'kulipidwa kachidutswa ka nkhaka, ndipo ankadya bwinobwino. Koma akaona kuti mnzake wa m'khola loyandikana walipidwa mphesa pa ntchito yomweyo, ankakana nkhakayo, nthawi zina n'kuitaya kunja. Aliyense amene anagwirapo ganyu n'kumva kuti mnzake wa mzere womwewo wapatsidwa zambiri akumudziwa pusi ameneyu. Akatswiri ena amati nyamazi sizidandaula za chilungamo, zimangokhumudwa poona chokoma chili pafupi, ndipo mtsutsowo sunathe.

Ku Costa Rica, Gerald Wilkinson anafufuza mileme yoyamwa magazi, n'kulemba zotsatira zake mu 1984. Mleme ukagona ndi njala masiku osakwana atatu umafa. Umene wakhuta umabzikula n'kugawira umene wabwera chimanjamanja, makamaka wachibale kapena umene unaugawirako kale. Kupatsa n'kuika, ngakhale m'phanga.

Koma tisathamangire kuyamikira nyama. Ku Gombe, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika ku Tanzania, Jane Goodall ndi anzake anaona gulu la anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi litagawikana. Pakati pa 1974 ndi 1978 amuna a gulu la Kasakela anasaka ndi kupha amuna a gulu la Kahama mmodzimmodzi, ena mwa iwo anzawo amene anakulira limodzi. Chifundo chilimo m'chibadwa, nkhondo nayo ilimo.

Nanga mwana amabadwa akudziwa chabwino ndi choipa?

Kudziwa ayi, koma kupendekera kwina amabadwa nako. Felix Warneken ndi Michael Tomasello ku Leipzig ku Germany anayesa ana a miyezi 18. Bambo wachilendo ankayanika zovala, chopanira n'kumugwa, iye n'kumavutika kuchifikira. Ana ambiri ankadzuka, kutola, n'kumupatsa, osapemphedwa ndiponso osalandira kanthu. Akachitaya dala, anawo sankasuntha. Izi zinafalitsidwa mu 2006.

Kafukufuku wina wotchuka, wa ku Yale University ku America mu 2007, ananena kuti makanda a miyezi 6 ndi 10 amasankha chidole chimene chathandiza chinzake kukwera phiri n'kusiya chimene chachikankhira pansi. Nkhaniyi inalembedwa m'mabuku ambiri. Koma ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana atabwereza ntchitoyi pa makanda ochuluka, zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti anawo ankangosankha chilichonse, theka uku theka uko. Choncho wina akakuuzani kuti sayansi inatsimikiza kuti khanda ndi woweruza milandu, muuzeni adikire kaye.

Munthu wanzeru wa ku China, Mencius, ananena mfundoyi bwino zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Iye ankati aliyense akaona mwana watsala pang'ono kugwera m'chitsime, mtima umadumpha asanaganize zoti makolo a mwanayo amuthokoza kapena anthu amutama. Koma kudumpha kwa mtimako anakutcha mphukira chabe. Mphukira ikapanda kupaliridwa, mbuzi zimadya.

N'chifukwa chiyani timakondera abale athu chonchi?

Mu 1964 William Hamilton, katswiri wa sayansi ya zamoyo, anafotokoza zimenezi ndi masamu. Tizinthu ta m'thupi timene timapatsira ana maonekedwe ndi zina za makolo (asayansi amati majini, koma si majini a kunyanja aja) timagawana ndi abale. Mwana wanu kapena mlongo wanu wa bere limodzi mumafanana naye theka, msuweni gawo limodzi mwa magawo 8. Nyama imene imadzipereka pa abale ake imapulumutsa majini ake omwe, ndiye mtima wotere umafalikira. Akuluakulu anangoti chibale ndi fupa, sichiola.

Mtima womwewu ndi umene umalipirira fizi ana a malemu achimwene. Ndi womwewunso umene umalemba ntchito mphwake wa bwana n'kusiya mwana wa eni amene anakhoza bwino mayeso, ndipo pa chisankho umafunsa kwawo kwa munthu usanafunse mfundo zake. Chibadwa chimadziwa kukonda, koma mpanda wake ndi waung'ono. Nkhani yonse ya chipembedzo ndi khalidwe, mmene ine ndimaionera, yagona pa mpanda umenewu: ndani ali mkati, ndani ali kunja, ndipo amausuntha ndani.

Zipembedzo zimati chiyani za mtima umene munthu amabadwa nawo?

Pafupifupi zonse zimavomereza kuti muli zinthu ziwiri zokokana. Pa Aroma 2:14-15 Paulo akunena kuti anthu a mitundu ina, amene sanalandire chilamulo cha Mose, amachita mwachibadwa zimene chilamulocho chimafuna, popeza chinalembedwa m'mitima yawo ndipo chikumbumtima chawo chimawachitira umboni. Paulo yemweyo pa chaputala 7 akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sakuchifuna. Genesis 8:21 amati maganizo a mtima wa munthu ndi oipa kuyambira ubwana wake.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ndi amene anazamitsa chiphunzitso cha tchimo lobadwa nalo. Anasimba kuti ali ndi zaka 16 anaba zipatso m'munda wa mnansi pamodzi ndi anzake, osati chifukwa cha njala, pakuti zambiri anaponyera nkhumba. Chinamukoma ndi kubako, ndiponso kuba pagulu. Akatolika ndi a CCAP anatengera zambiri kwa iye, ngakhale amasiyana pa kukula kwa chiwonongekocho.

Chisilamu sichiphunzitsa tchimo lotengera kwa Adamu. Chimati mwana amabadwa ndi fitra, chilengedwe choyera chopendekera kwa Mulungu. Koma Qur'an imatchulanso nafsi, mtima wolamula zoipa (12:53) ndi mtima wodzidzudzula (75:2). Ku China nako Mencius anali ndi womutsutsa, Xunzi, amene ankati munthu amabadwa wokhota ndipo amawongoka ndi mwambo, monga mmisiri awongolera thabwa.

Amishonale asanafike, makolo athu ankadziwa bwanji chabwino ndi choipa?

Funsoli limabwera ngati kuti khalidwe linatsika m'sitima ku Cape Maclear mu 1875. A Livingstonia atafika chaka chimenecho, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, anapeza anthu odziwa kale kuti kupha, kuba, chigololo ndi kumana mlendo ndi zoipa. Anapezanso dzina la Mulungu lilipo, ndipo osati limodzi: Chauta, Namalenga, Chisumphi, Mphambe, Leza.

Nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati Chauta anatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo ankakhala mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka moto, tchire linapsa, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Makolo ankaona kuti luso limene limasiyanitsa munthu ndi nyama ndi lomwenso limamuika pa mlandu.

Mvula ikakanika, anthu ankapita ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje, ndipo funso silinali la mitambo ayi, linali lakuti talakwa chiyani. Kuchinamwali anamkungwi ankapereka mwambo. Kudambwe nako kunali sukulu: Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, amavina zilombo zambiri zoonetsa chidakwa, wachiwerewere, waulesi kapena wodzikuza, kuti oonera aseke ndi kudziona. Ku Kungoni ku Mua, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kwasungidwa nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake.

Mawu aakulu pa zonsezi ndi umunthu. Wankhanza timati "uyu si munthu", kapena "ndi chilombo", "ndi galu". Ndiye kuti kubadwa ndi miyendo iwiri sikukwanira. Umunthu amachita kukulowetsamo anthu anzako, ndipo ukhoza kukuchoka.

Bwanji za mdulo? Si zikhulupiriro zachabe zimenezo?

Ngati funso n'lakuti mchere wothiridwa ndi munthu "wotentha" ungatupitse mwana, yankho ndi ayi. Kutupa miyendo ndi nkhope, kuonda ndi kutsokomola kumene anthu ankati mdulo kapena tsempho kumafanana kwambiri ndi kunyentchera kapena chifuwa chachikulu, ndipo mwana wotere malo ake ndi kuchipatala, lero lomwe.

Koma taonani ntchito imene chikhulupirirochi chinkagwira. Mwambo unkati munthu amene akukhala malo amodzi ndi wotentha, pomwe khanda, wodwala, namwali ali m'tsimba ndi anamfedwa ndi ozizira. Mwamuna akapita kunja mkazi wake ali ndi pakati, ankati adula mkaziyo kapena mwanayo. Mwana akabadwa, makolo ankadikira miyezi mpaka mwambo wa kutenga mwana utachitika. Chilakolako ndi chimodzi mwa zinthu zamphamvu kwambiri m'chibadwa, ndipo kungouza munthu kuti "usachite" sikupita patali. Makolo anachimanga ndi chingwe china cha m'chibadwa momwemo, champhamvu kuposa icho: mantha oti mwana wako afa ndipo mudzi wonse udziwa kuti wamupha ndiwe. Zotsatira zake, mayi ankapuma, mwana ankayamwa nthawi yaitali, ndipo bambo ankaganiza kawiri asanalowe nyumba ya eni.

Mtengo wake unalipo, ndipo olipira kwambiri anali amayi. Mwana akadwala, woyamba kupanikizidwa kuti aulule anali make. Kubereka kukavuta, mayi ali pa ululu ankauzidwa kuti atchule amuna amene anayenda nawo, nthawi yopita naye kwa odziwa ikutha. Mwambo umene unkateteza mwana unkathanso kuphetsa mayi wosalakwa.

Ngati chifundo timabadwa nacho, chipembedzo chimawonjezerapo chiyani?

Choyamba chimakankha mpanda uja. Wodziwa malamulo atafunsa Yesu kuti mnansi wake ndani, pa Luka 10, ankafuna malire. Anapatsidwa Msamariya, munthu wa mtundu umene Ayuda sankadyera nawo mbale imodzi. Mumzikiti Myao, Mchewa ndi Mmwenye amaima mzere umodzi phewa ndi phewa. Mawu akuti "abale ndi alongo" m'tchalitchi amatenga chikondi cha pa magazi n'kuchipereka kwa anthu amene simunayamwe bere limodzi. Makolo nawo ankakankha mpanda womwewo pamene ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachiwiri, chimasandutsa chifundo kukhala chizolowezi chokhala ndi tsiku ndi muyeso. Mtima umagwidwa chisoni lero, mawa waiwala. Zakaat saiyembekezera mtima: ndi 2.5 pa 100 ya chuma chosungidwa, chaka ndi chaka. Amayi a Chigwirizano, a Mvano ndi a Dorika ali ndi tsiku loyendera odwala, kaya kwatentha kaya kukugwa mvula. Zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Malamulo ndi St Luke's ku Malosa zinachokera m'chizolowezi chotere. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukokolola anthu ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, n'kupha anthu oposa 1,000, oyamba kukumba matope ndi manja anali anansi, popanda wowatuma. Patapita milungu, misozi itauma, ambiri mwa amene ankabwerabe ndi ufa ndi zofunda kumisasa anali a mipingo ndi mizikiti.

Chachitatu ndi diso. Munthu amasintha akadziwa kuti akuonedwa. Ku Newcastle University mu 2006 anapachika chithunzi pamwamba pa bokosi loponyamo ndalama za tiyi, mlungu wina cha maluwa, mlungu wina cha maso a munthu. Milungu ya maso ndalama zinkachuluka pafupifupi katatu. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti mphamvu ya maso ojambula si yaikulu choncho, koma mfundoyo mwini munda wotsirika anaidziwa kalekale. Mulungu woona mumdima ndi mizimu ya makolo ndi maso amene sagona.

Kodi chikhulupiriro chingagonjetse chibadwa?

Chimatero, ndipo umboni tili nawo pakhomo. Msilamu wa ku Nsanje amakhala osamwa ngakhale dontho la madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa mwezi wonse wa Ramadan, mtsuko uli pomwepo.

Kufuna kukhala ndi moyo ndiye muzu wa chibadwa chonse, komabe a Mboni za Yehova, ataletsedwa mu 1967, anakana kugula khadi la chipani cha MCP ngakhale ankamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuphedwa. Mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Mukhoza kutsutsana ndi chiphunzitso chawo, koma simunganene kuti ankatsata zofuna za thupi.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikudzudzula kumanga anthu popanda mlandu, kusiyana kwa olemera ndi osauka ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko, koma pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Mantha anali ndi aliyense nthawi imeneyo. Chimene chinasowa kwa zaka zambiri ndi anthu oopa china choposa Kamuzu.

Ndiye bwanji dziko lopemphera ngati lathu lili ndi katangale chonchi?

Funso lowawa, koma loyenera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo amene anati alibe chipembedzo anali pafupifupi 2 pa 100 alionse. Misonkhano ya boma imatsegulidwa ndi pemphero. Komabe mu 2013 kunaphulika Cashgate, mabiliyoni a makwacha atatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanaperekedwe. Masamu okha akukuuzani kuti ambiri mwa okhudzidwa anali ndi kopemphera.

Kafukufuku wina wakale amathandiza kumvetsa. Mu 1973 John Darley ndi Daniel Batson analemba za ophunzira zaubusa a ku Princeton Theological Seminary. Aliyense anauzidwa kuti apite ku nyumba ina akalankhule, ena pa fanizo la Msamariya wachifundo lenilenilo. Panjira anaikapo munthu atagwa, akutsokomola ndi kubuula. Mwa amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 anathandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa kale, 10 pa 100 okha. Mutu wa ulaliki sunasinthe kanthu kooneka, ndipo ena anachita kumudumpha munthuyo akuthamangira kukalalikira za Msamariya.

Chikhulupiriro chimakhala m'mutu, koma khalidwe limachitikira pamalo: pali changu, pali ngongole ya katapila, pali abale khumi akudikira malipiro a munthu mmodzi, pali anzako onse a mu ofesi akudya ndipo palibe amene wagwidwa. Palinso chinthu china chimene sitikonda kuchinena. Mipingo yathu yambiri imalanga msanga mtsikana wotenga mimba ndi bambo wopezeka ndi chibuku, koma wobweretsa matumba a simenti a ndalama zosadziwika kochokera amapatsidwa mpando wakutsogolo. Anthu amaphunzira pa zimene zimalangidwa, osati pa zimene zimalalikidwa.

Kodi chipembedzo chingamuipitse munthu?

Chingathe, chikatenga mpanda wa chibadwa n'kuudalitsa. Rwanda mu 1994 linali dziko la Akhristu ochuluka, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Ambiri anathawira m'matchalitchi, ku Ntarama, ku Nyamata, n'kuphedwera momwemo. Wansembe Athanase Seromba anapezeka wolakwa ku khoti la United Nations ku Arusha chifukwa cha tchalitchi cha Nyange, chimene chinagwetsedwa ndi chigalimoto chokumbira anthu ali mkati. M'dziko lomwelo ansembe ena, masisitere ndi Asilamu anabisa anthu, ena n'kufa nawo limodzi.

Ku South Africa mpingo wa Dutch Reformed unapezera tsankho mavesi, pomwe Desmond Tutu ndi Beyers Naudé, m'busa wa mpingo womwewo, ankalitsutsa ndi Baibulo lomwelo. Kuno John Chilembwe ndi azungu a minda ya ku Magomero, amene ankagwiritsa anthu thangata ndi kuotcha matchalitchi ake chisanafike chipolowe cha 1915, onse ankatchedwa Akhristu. Buku ndi limodzi. Chosiyana ndi amene wowerengayo akumuyesa munthu.

Anthu abwinobwino amasanduka bwanji zilombo akakhala pagulu?

Mantha amapatsirana msanga kuposa chimfine, ndipo pagulu mlandu umagawika mpaka aliyense amaona ngati wake ndi kamwala kamodzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa, ambiri chifukwa chongokhala achilendo pamalopo. Mu 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mlosi kapena mneneri akaloza chala, lamulolo limakhala kutali.

Kumvera wamkulu nako ndi chibadwa. Stanley Milgram ku Yale mu 1961 anauza anthu wamba kuti azilanga munthu wina ndi magetsi akalakwitsa yankho. Magetsiwo anali abodza, koma iwo sankadziwa. Mwa amuna 40, okwana 26 anafika pa mlingo womaliza wa mavoti 450, akutuluka thukuta ndi kunjenjemera, chifukwa chakuti munthu wovala chovala cha wasayansi ankawauza kuti apitirize. Tsono ganizirani ngati wolamulayo akunena kuti watumidwa ndi Mulungu kapena mizimu.

Kodi munthu wosapemphera angakhale ndi khalidwe labwino?

Inde. Ku Denmark anthu opita kutchalitchi mlungu ndi mlungu ndi ochepa kwambiri, koma dzikolo limakhala pamwamba pa mndandanda wa Transparency International wa mayiko amene katangale ndi wochepa. Kuno kwathu, George Thindwa wa bungwe la Association for Secular Humanism, munthu wonena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, anathamanga kwambiri kuti agogo omangidwa pa nkhani za ufiti atulutsidwe m'ndende.

Wokhulupirira angayankhe kuti Denmark inaleredwa ndi mpingo wa Lutheran kwa zaka mazana, ndiye ikudya za m'nkhokwe yakale, ndiponso kuti chikumbumtima cha wosakhulupirira anachiikamo ndi Mulungu yemweyo. Yankho loyambalo lili ndi mfundo. Lachiwirilo sayansi singalitsimikize kapena kulitsutsa. Plato, munthu wanzeru wakale wa ku Greece, anasiya funso limene mpaka pano likuzunguza mbali zonse: kodi chinthu n'chabwino chifukwa Mulungu wachilamula, kapena Mulungu amachilamula chifukwa n'chabwino kale?

"Mwamuna ndi tonde, azinunkha." Ngati ndi chibadwa, pali mlandu?

Ulipo. Kufotokoza kumene chinthu chachokera si kuchilungamitsa. Udzudzu ndi wachilengedwe, koma timagona m'masikito. Ndipo mwambi wa tondewo amaunena ndi amuna. Akazi nawo ali ndi chilakolako, koma palibe amene anawapekera mwambi wowamasula.

"Satana anandinyenga" ndi m'bale wake wa "n'chibadwa changa". Onse awiri amatulutsa mwini nkhani m'chipinda.

Kodi khalidwe limakhala mu ubongo? Nanga lingasinthe munthu atakula?

Ubongo uli ndi gawo lalikulu, makamaka mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imagwira munthu dzanja asanachite chimene mtima walakalaka. Mbali imeneyi imachedwa kukhwima, mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndipo mowa umaigoneka msanga. N'chifukwa chake mnyamata ndi woledzera amafanana zochita.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Phineas Gage, kapitawo wa omanga njanji ku Vermont ku America. Pa 13 Seputembala 1848, ali ndi zaka 25, onga wophwanyira miyala unaphulika, ndipo chitsulo chotalika kuposa mita chinalowa patsaya lake lakumanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe. Dokotala wake, John Harlow, analemba kuti munthu amene kale anali wodalirika anasanduka wotukwana, wosaugwira mtima ndi wosakhazikika, moti anzake ankati si Gage uja. Mabwana ake anakana kumubwezera ukapitawo.

Mabuku ambiri amathera pamenepo, koma nkhaniyo inapitirira. Patapita zaka zingapo Gage anapita ku Chile, kumene anagwira ntchito yoyendetsa ngolo ya akavalo yonyamula anthu pa maulendo ataliatali. Ntchito imeneyo inkafuna kudzuka nthawi yake, kusamalira ziweto, kulandira ndalama ndi kulankhula bwino ndi okwera, tsiku ndi tsiku, ndipo anaigwira kwa zaka zingapo. Anamwalira ku San Francisco mu 1860 atayamba kudwala khunyu, ndipo chigaza chake pamodzi ndi chitsulocho zikusungidwa ku sukulu ya zachipatala ya Harvard.